Pa Sitima Kuchoka ku Zürich Kukafika ku Milan



Pakati pa mzinda wa Zürich m'dziko la Switzerland ndi mzinda wa Milan m'dziko la Italy pali mapiri a Alps, mpanda wa miyala ndi chipale umene kwa zaka mazanamazana unkalekanitsa anthu a kumpoto kwa Ulaya ndi a kummwera. Kale munthu wofuna kuoloka ankakwera phiri la Gotthard wapansi kapena pa bulu, ndipo nyengo yozizira ikafika ena ankathera m'njira momwemo. Lero sitima ya pamtunda imanyamuka ku Zürich ndi kukafika ku Milan m'maola atatu ndi mphindi pafupifupi 20. Sabata ino tafuna tikusimbireni za ulendo umenewu, umene tinayenda tili kagulu ka anthu asanu, chifukwa tinabwerako ndi funso limene likutikutabe mumtima. Kodi munthu akamayenda mofulumira ndi mwamtendere chotere, amawaonabe anthu amene anamulambulira njira? Nanga amawakumbukira amene njanji yomweyo inawatengera ku imfa?

Siteshoni yaikulu ya Zürich ndiyo yotanganidwa kuposa zonse m'dzikomo. M'holo yake mwapachikidwa chifaniziro chachikulu cha mngelo wa mitundu yowala, chimene anapanga mayi waluso Niki de Saint Phalle m'chaka cha 1997, ndipo apaulendo amadutsa pansi pake ali pikitipikiti osakweza n'komwe mutu. Chimene aliyense amayang'ana ndi wotchi. Mawotchi a m'masiteshoni a ku Switzerland ali ndi kamuvi kofiira kowerenga masekondi. Kamuvi kameneka kamazungulira mofulumirirapo pang'ono, kenaka n'kuima kaye pamwamba kudikira chizindikiro chochokera ku wotchi yaikulu, kuti mawotchi onse a m'masiteshoni alowe m'mphindi yatsopano nthawi imodzi. Nthawi yolembedwa pa matikiti athu itakwana, zitseko zinadzitsekera zokha, ndipo sitima inayamba kuyenda mwakachetechete moti tinazindikira kuti tanyamuka poona zipilala za siteshoni zikubwerera m'mbuyo.

Tikiti ya sitima yopita ku Italy imakhala ndi nambala ya bogi ndi ya mpando, choncho palibe kulimbirana pokwera. M'bogi lathu munali zii. Ena ankawerenga, ena anali atagwira kompyuta pamiyendo, ndipo agogo ena aakazi anakhala ndi kagalu kawo kogona pamapazi. Zilengezo zinkabwera m'Chijeremani, m'Chitaliyana ndi m'Chingerezi. Ola loyamba la ulendowu ndi la nyanja ndi msipu. Tinadutsa tauni ya Zug ndi kutsata gombe la nyanja yake, ng'ombe zikudya pa zitunda zobiriwira ngati zochita kusesa. Pafupi ndi siteshoni ya Arth-Goldau, m'mbali mwa njanji muli miyala ikuluikulu ngati nyumba, yomera ndere ndi mitengo. Imeneyi ndi yotsala ya phiri limene linagumuka pa 2 Sepitembala 1806 ndi kukwirira mudzi wa Goldau, ndipo anthu 457 anafa tsiku limenelo. Siteshoni ya lero inamangidwa pamwamba pa zogumukazo. Sitima inaimapo mphindi zochepa chabe, anthu n'kutsika, ena n'kukwera, ndipo tinapitirira.

Titadutsa Altdorf, pafupi ndi mudzi wa Erstfeld, kuwala kwa pa zenera kunazima ngati wina wauzira nyali. Tinali talowa m'ngalande yatsopano yoboola phiri la Gotthard, imene ndi yaitali kuposa ngalande zonse za njanji pa dziko lapansi. Kutalika kwake ndi makilomita 57, kuchokera ku Erstfeld kukatulukira pafupi ndi Bodio. Kwenikweni ndi ngalande ziwiri zoyandikana, ina ya sitima zopita kummwera, ina ya zobwerera kumpoto. Sikwera phiri ayi, imangodutsa patsinde pake, moti pamalo ena pamwamba pa sitima pamakhala thanthwe lokhuthala mamita 2,300. Pansi pamenepo mwala umatentha kufika pa madigiri 45. Pokumba anatulutsamo miyala yolemera matani oposa 28 miliyoni, ndipo ntchito yaikulu inatenga zaka 17. Anthu a ku Switzerland anavomereza ntchitoyi pa voti ya m'chaka cha 1992, pofuna kuti katundu wochuluka aziyenda pa njanji m'malo mwa magalimoto akuluakulu amene ankadzaza zigwa zawo ndi utsi ndi phokoso. Ngalandeyi inatsegulidwa pa 1 Juni 2016.

Ife tinakhala mumdimamo mphindi pafupifupi 20, sitima ikuthamanga liwiro lofika makilomita 200 pa ola. M'bogi magetsi ankayaka, mafoni ankagwira bwinobwino, ndipo mmodzi wa ife anapita kukagula khofi n'kubwerera osatayako ngakhale dontho. Pa zenera tinkangoona nkhope zathu zomwe. Palibe chimene chimamuuza wapaulendo kuti anthu asanu ndi anayi anafa pokumba njira imeneyi, ndipo ambiri mwa amene anagwira ntchitoyi anali ochokera m'maiko ena. Okumba ngalande ku Ulaya ali ndi mwambo woika kachifaniziro ka Barbara Woyera, nkhoswe ya anthu ogwira ntchito m'migodi, pakhomo pa malo amene akukumba, ndipo pa 4 Disembala amaima ntchito kuti akumbukire tsiku lake. Mwambowu ukusonyeza kuti amene amalowa pansi pa phiri amadziwa bwino kuti makina ngakhale akule bwanji, kutuluka wamoyo si chinthu chochiyesa chachizolowezi. Ndipo phiri silinaleke kuwakumbutsa anthu zimenezi: mu Ogasiti 2023 sitima ya katundu inachoka pa njanji m'kati momwemo gudumu litasweka, ndipo ngalandeyi inayambanso kugwira ntchito mokwanira mu Sepitembala 2024.

Kumtunda kwa phiri lomwelo kuli ngalande ina yakale, ya makilomita 15, yochokera ku Göschenen kukafika ku Airolo. Anayamba kuikumba m'chaka cha 1872 ndipo sitima zinayamba kudutsamo mu 1882. Mbiri yake ndi yowawa. Ambiri mwa okumba anali amphawi ochokera kumpoto kwa Italy, amene ankagona mothinana m'nyumba zauve ndi kupuma fumbi ndi utsi wa zophulitsira miyala. Anthu pafupifupi 200 anafa pa ngozi za pantchito, osawerengera amene anabwerera kwawo akudwala chifuwa kapena njoka za m'mimba n'kukafera kumudzi. Mu Julayi 1875 antchito ananyanyala ntchito ku Göschenen podandaula za malipiro ndi mpweya woipa, ndipo anthu a mfuti amene anatumizidwa kukathetsa sitalakayo anapha anayi mwa iwo. Ngakhale mkulu wa ntchito yonseyo, Louis Favre wa ku Geneva, sanaione itatha, pakuti anagwa n'kufera m'ngalande momwemo m'chaka cha 1879.

Tikamanena zimenezi sitikuti kuyenda mofulumira ndi tchimo. Njanji imeneyi yachepetsa utsi m'zigwa, yayandikitsa mabanja amene ali mbali ziwiri za mapiri, ndipo ulendo umene kale unkatenga maola oposa anayi tsopano wafupika. Chimene tinaona n'chakuti chinthu chikakonzedwa bwino kwambiri, thukuta la amene anachikonza limabisika. Mlatho wa mitengo umaonetsa zikwanje za amene anaudula, koma ngalande yosalala ya simenti imaoneka ngati inangomera yokha. Wokwera amalipira tikiti n'kuganiza kuti walipira zonse, chonsecho pali mtengo wina umene analipira anthu amene mayina awo sawadziwa.

Potulukira kummwera tinachita ngati talowa m'dziko lina, ngakhale tinali tikadali mu Switzerland. Kumpoto tinasiya mitambo, koma kuno dzuwa linali phwee. Chigawo chimenechi chimatchedwa Ticino ndipo anthu ake amayankhula Chitaliyana. Madenga a nyumba anasintha, m'minda munaoneka mpesa, ndipo m'mabwalo ena munali mitengo yooneka ngati kanjedza. Ku Bellinzona tinaona malinga akale atatu amene ankalondera njira yolowera m'mapiri. Kuchoka apo tinalowanso m'ngalande ina ya Ceneri, ya makilomita 15, imene inatsegulidwa mu 2020, ndipo posakhalitsa tinali ku Lugano, tikuyang'ana mzinda ndi nyanja yake kuchokera pamtunda. Kenaka njanji imaoloka nyanjayo pa chiunda cha miyala ku Melide, madzi ali uku ndi uku.

Malire a maiko awiriwa ali pa Chiasso. Kuyambira m'chaka cha 2008 dziko la Switzerland lili m'gulu la maiko a Schengen, choncho chiphaso chimodzi chimakwanira kuyendera maiko onse awiri, ngakhale apolisi a m'malire amatha kukwera ndi kufunsa mapasipoti. Ife tinali titagwiriratu athu m'manja. Sitima inaima pang'ono, inadutsa Como, n'kulowa m'chigwa chachikulu cha Lombardy, chodzaza ndi mafakitale ndi nyumba zosanjikizana. Kwa ife malirewo anali kuima kwa mphindi zochepa chabe. Tsiku lomwelo madzulo tinamva za mwana wina amene kwa iye malire omwewa anali kusiyana kwa moyo ndi imfa.

Siteshoni ya Milano Centrale ndi chimphona cha nyumba. Mwala wake woyamba anauika m'chaka cha 1906, koma inatsegulidwa mu 1931, nthawi ya ulamuliro wa Benito Mussolini, ndipo kukula kwake kumaonetsa mtima wa nthawi imeneyo wofuna kuti munthu adzione wochepa pamaso pa boma. Sitima zimalowa pansi pa madenga a chitsulo ndi magalasi opindika ngati uta, ndipo makoma ake ali ndi zosema za akavalo a mapiko, mikango ndi ziombankhanga. Njanji zake zili pamwamba, kotero kuti wotsika sitima amayenera kutsetsereka masitepe kuti afike pamsewu. Anthu ambiri amathamangira kukakwera sitima za pansi pa mzinda. Ife tinazungulira kumbali kwa siteshoni, kutsata khoma lalitali, mpaka pakhomo lina losaoneka bwino.

Pansi pa njanji zimene tinafikirapo pali malo amene kale ankapakirirapo makalata ndi katundu wa positi. Mabogi ankadzazidwa pansipo, kenaka chikepe chachikulu chinkawakweza kuwafikitsa pa njanji za pamwamba. Kuyambira Disembala 1943 mpaka Januwale 1945, asilikali a Nazi ndi Ataliyana owathandiza anagwiritsa ntchito malo amenewa kupakira anthu. Ayuda ndiponso otsutsa boma ankabwera nawo pa malole m'mamawa, kuwakankhira m'mabogi a ziweto, kutseka, ndi kuwakweza pa chikepe chija, kutali ndi maso a apaulendo amene pamwamba ankagula matikiti ndi manyuzipepala monga mwa masiku onse. Malowa amadziwika ndi dzina loti Binario 21, ndipo kuyambira pa 27 Januwale 2013 ndi chikumbutso chimene aliyense angathe kukachiona. Muli mabogi enieni a matabwa a nthawi imeneyo, ndipo tinalowa m'limodzi mwa iwo. Pakhoma lina pamaoneka mayina 774 a anthu amene anatengedwa pa sitima ziwiri zoyamba zopita ku Auschwitz. Mwa onsewo anabwerako 27 okha.

Mmodzi wa obwerakowo ndi mayi Liliana Segre, amene anabadwira ku Milan m'chaka cha 1930. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu anachotsedwa sukulu chifukwa cha malamulo a tsankho a 1938 oletsa ana a Chiyuda kuphunzira ndi anzawo. Mu Disembala 1943 iwo ndi bambo awo anayesa kuthawira ku Switzerland podutsa m'mapiri a kufupi ndi malire amene ife tinaoloka titakhala pa mipando yofewa. Anafikadi tsidya linalo, koma olondera malire anawabweza, ndipo atangobwerera anagwidwa. Pa 30 Januwale 1944 anakwezedwa sitima pa Binario 21 ali ndi zaka 13, pamodzi ndi anthu oposa 600. Atafika ku Auschwitz anawalekanitsa ndi bambo awo, ndipo sanawaonenso. M'chaka cha 2018 mtsogoleri wa dziko la Italy, Sergio Mattarella, anawasankha kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya Senate kwa moyo wawo wonse.

Pakhoma loyamba limene munthu amakumana nalo polowa m'chikumbutsochi palembedwa liwu limodzi lokha m'zilembo zazikulu: INDIFFERENZA. Tanthauzo lake ndi kusalabadira, mtima uja woona mnzako ali m'mavuto n'kutembenuzira nkhope kumbali. Anasankha liwuli ndi mayi Segre. Pa umboni wawo akhala akufotokoza kuti tsiku limene anawatulutsa m'ndende ya San Vittore kupita nawo ku siteshoni, amene anawaonetsa chifundo anali akaidi anzawo, akuba ndi achifwamba, amene ankawadalitsa ndi kuwaponyera tizakudya tochepa timene anali nato, pamene mzinda wa anthu aulemu wawo unali chete. Tinaima pakhomapo nthawi yaitali osayankhulana. Mphindi zingapo zilizonse denga linkanjenjemera ndi kulindima, chifukwa pamwamba pathu sitima za lero zinali kunyamuka. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma pamalo amenewa tinaona kuti mwambiwu sukwanira. Mwana uja anayenera kuthandizidwa ngakhale zikanakhala kuti mawa lake silidzafika pa wina aliyense. Tinamvanso kuti kuyambira m'chaka cha 2015, kwa nyengo zingapo, oyang'anira chikumbutsochi mogwirizana ndi gulu la Sant'Egidio anapereka mbali ina ya malowa kuti muzigona anthu othawa kwawo, ambiri ochokera ku Eritrea ndi ku Syria, amene ankasowa pogona pafupi ndi siteshoni.

M'mawa mwake tinapita pakati pa mzinda. Ku Milan kukuyendabe tisitima ta mumsewu ta mipando ya matabwa timene tinapangidwa cha m'ma 1928, ndipo timalira belu podutsa pakati pa magalimoto amakono. Tchalitchi chachikulu cha mzindawu, Duomo, chimaonekera mwadzidzidzi munthu akangotulukira pabwalo, choyera ngati mchere, nsonga zake 135 zitaloza kumwamba. Anayamba kuchimanga m'chaka cha 1386, ndipo chitseko chake chotsiriza anachiika mu 1965. Miyala yake ya nsangalabwi inkachokera ku Candoglia, kufupi ndi nyanja ya Maggiore, ndipo inkabwera pa mabwato kudzera mumtsinje ndi m'ngalande za madzi mpaka mumzinda. Pali zifaniziro zoposa 3,000, ndipo pansonga yaitali kuposa zonse, mamita 108 kuchokera pansi, paima chifaniziro chagolide cha Amayi Maria chimene anachiika mu 1774. Tinakwera padenga, pamene munthu amayenda pakati pa nsongazo. Kumeneko tinaona maluwa, nkhope ndi tinyama tosemedwa mosamala m'makona amene munthu wa pansi sangawaone. Amisiri amene anasema zimenezi ankadziwa kuti sadzaona nyumbayo itatha, ndipo bungwe losamalira tchalitchichi, limene linakhazikitsidwa mu 1387, likugwirabe ntchito yosintha miyala yofumbwa mpaka lero.

Koma chimene chinatigwira mtima koposa chili pansi. Chakukhomo kwa tchalitchi kuli masitepe otsikira pansi pa bwalo, kumene kuli zotsala za nyumba yakale yobatiziramo, imene inafukulidwa bwino cha m'ma 1960 pamene ankakumba njanji ya pansi pa mzinda. Pakati pake pali dziwe la ngodya zisanu ndi zitatu, lophwanyikaphwanyika. Pamenepa ndi pamene akatswiri amati Ambrose Woyera, episkopi wa Milan, anabatiza Augustine usiku wa Pasaka wa chaka cha 387, pamodzi ndi mwana wake Adeodatus ndi bwenzi lake Alypius. Augustine anali mwana wa Africa, wobadwira ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria, m'chaka cha 354. Anafika ku Milan mu 384 ngati mlendo wofuna ntchito ndi kutchuka, mphunzitsi wa luso la kuyankhula, ndipo poyamba ankapita kukamvera Ambrose pofuna kungoyesa kalankhulidwe kake. Mayi ake, Monica Woyera, anaoloka nyanja kumutsatira. Pamwamba pathu tinkamva mapazi a alendo ojambulitsa ndi nkhunda, ambiri osadziwa kuti akuponda pamwamba pa malo amene mlendo wa ku Africa anasinthira moyo wake.

Kuchoka apo tinayenda wapansi kupita ku tchalitchi cha Sant'Ambrogio, chimene Ambrose yemweyo anayamba kumanga m'chaka cha 379. N'cha njerwa zofiira, chachifupi, chopanda zokometsera zambiri. M'chipinda cha pansi pa guwa muli bokosi la galasi, ndipo m'menemo mwagona mafupa ake atavekedwa zovala za uepiskopi, pakati pa Gervasius ndi Protasius, amene anafera chikhulupiriro. Munthu ameneyu anali bwanamkubwa wa boma pamene anthu anamusankha kukhala episkopi mu 374, asanabatizidwe n'komwe. Anasungunula ziwiya zagolide za m'tchalitchi kuti awombole anthu ogwidwa pa nkhondo. M'chaka cha 390, asilikali a mfumu Theodosius atapha anthu zikwizikwi mumzinda wa Thessalonica, Ambrose analembera mfumuyo kalata yoiuza kuti isayandikire ku guwa isanalape poyera, ndipo mfumu inagonja. Thessalonica ndi kutali ndi Milan, ndipo ophedwawo sanali nkhosa za dayosizi yake. Akanatha kunena kuti sizikumukhudza. Titaima pamaso pa mafupawo, tinakumbukira liwu lija la pakhoma la ku siteshoni, ndipo tinaona kuti mzinda umodzi womwewo wasunga chitsanzo cha kukhala chete ndiponso cha kukana kukhala chete.

Madzulo tinali ndi mphindi 15 zokha, monga alendo onse, zoonera chithunzi cha Mgonero Wotsiriza chimene Leonardo da Vinci anajambula pakati pa 1495 ndi 1498 pakhoma la chipinda chodyera cha ansembe a chipani cha Dominican ku Santa Maria delle Grazie. N'chachikulu, mamita pafupifupi asanu ndi anayi m'litali mwake. Leonardo anajambula pakhoma louma m'malo mwa pulasitala wamuwisi monga ankachitira anzake, choncho utoto unayamba kusupuka iye akadali moyo. Mu 1652 anthu anaboola khomo pansi pake n'kudula mapazi a Yesu. Mu Ogasiti 1943 mabomba anagwetsa denga ndi mbali ina ya chipindacho, koma khoma la chithunzi linatsala chifukwa anthu ena anali atalitchinga ndi matumba a mchenga. Ntchito yochikonza imene inatha mu 1999 inatenga zaka zoposa 20. Chithunzichi chikuonetsa nthawi imene Ambuye angonena kumene kuti mmodzi mwa ophunzira adzawapereka, ndipo tebulo lonse lagwedezeka: wina watambasula manja, wina akudziloza pachifuwa, ena akufunsana. Palibe ngakhale mmodzi amene akupitiriza kudya ngati sanamve.

Sitinganame, ku Milan tinasangalalanso. Tinadya mpunga wachikasu wophikidwa ndi safironi, umene ndi chakudya chonyadira cha mzindawu, tinamwa khofi wowawa wa m'tikapu ting'onoting'ono titaimirira monga amachitira eni ake, ndipo tinayenda m'khonde la magalasi la Galleria Vittorio Emanuele II tikuyang'ana mitengo ya nsapato imene inatiseketsa mpaka misozi. Koma usiku pobwerera kogona tinadutsanso pa siteshoni, ndipo m'makonde ake munali anthu atagona pa makatoni, ambiri a iwo achinyamata a khungu ngati lathu. Apaulendo ankawalambalala ndi masutikesi awo a mateyala. Ifenso tinali ndi matikiti m'thumba ndi bedi lotidikira. Tinagula buledi ndi tiyi wotentha, tinakhala nawo pansi kanthawi, ndipo mmodzi anatiuza kuti chimene chimamupweteka kuposa kuzizira n'chakuti tsiku limatha popanda munthu womuyang'ana m'maso.

Pobwerera tinasankha njira yakale. Munthu akatsika ku Bellinzona angathe kukwera sitima ina imene imakwera phiri pang'onopang'ono, ikuzungulira m'ngalande zopota ngati nkhono kuti ipeze mtunda. Tinatsika ku Airolo, pakhomo la ngalande ya 1882. Pafupi ndi siteshoni pali chosema cha mkuwa cha Vincenzo Vela, mmisiri wa ku Ticino, choonetsa antchito atanyamula mnzawo wakufa pa machira kumutulutsa m'phiri. Vela anachipanga mwa kufuna kwake, popanda womutuma, pa nthawi imene ena ankachita madyerero otsegulira njanji. Tsidya la kumpoto, potsetsereka, tchalitchi chaching'ono choyera cha mudzi wa Wassen chimaoneka katatu, poyamba chili m'munsi, kenaka chapafupi, kenaka chili pamwamba, chifukwa njanji imabwerera m'mbuyo kawiri pofuna kutsika phiri. Njira imeneyi inatitengera ola lina lowonjezera, ndipo sitinadandaule nalo.

Kwa amene Mulungu adzawatsegulire mwayi woyenda ulendo umenewu, nawa malangizo ochepa. Gulani tikiti masiku akadalipo, chifukwa mtengo umakwera tsiku likayandikira. Kumbukirani kuti ku Switzerland amagwiritsa ntchito ndalama ya franc pamene ku Italy ndi euro. Malo oonera chithunzi cha Leonardo amatha milungu ingapo tsiku lisanafike, choncho lembetsani msanga. Polowa mu Duomo valani zophimba mapewa ndi mawondo. Mukapita pa Misa musadabwe kuona zina zikusiyana ndi zimene munazolowera, pakuti dayosizi ya Milan imatsata mwambo wakewake wotchedwa ndi dzina la Ambrose, umene nyengo yake ya Adventi imakhala ya milungu isanu ndi umodzi. Ndipo musachoke pa siteshoni musanatsikire ku Binario 21.

Ambiri a ife mwina sitidzakwera sitima imeneyi, koma funso lake silifuna pasipoti. Aliyense wa ife amayenda tsiku ndi tsiku pa njira imene wina anaikonza, amadya chimene wina anachilima, amaphunzira ndi ndalama imene wina anaikhetsera thukuta, ndipo amadutsa pafupi ndi munthu amene anthu onse azolowera kumulambalala. Sabata ino tiyeni tichite zinthu ziwiri zazing'ono. Choyamba, tipeze munthu mmodzi amene ntchito yake timaidyerera osamuthokoza, timufunse dzina ngati sitilidziwa, ndipo timuthokoze. Chachiwiri, tikaona mnzathu akunyozedwa kapena kusalidwa, kaya m'kalasi, kaya kuntchito, kaya m'gulu lathu lomwe la achinyamata, tisayang'ane kumbali podikira kuti wina ayambe ndiye kuyankhula.